MTENGO WOBVALA MWINJIRO

Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mau awa satanthauza kuti kalumo kali konse ka mlendo kamameta bwino. Atilangiza kuti tisakane cinthu cifukwa cakuti cacokera kutali, koma tiyambe taciyesa pa tsitsi lathu. M'nkhani ino ndifuna kuyesa kalumo kocokera ku Asia. Ndawerenga mabuku awiri a Cingerezi onena za anthu a cipembedzo ca Cibuda, ndi m'mene ciphunzitso cao ciwathandizira kumenyera nkhalango ndi nyengo pa nthawi imene anthu agawikana pa ndale. Loyamba ndi la Thich Nhat Hanh, lochedwa Zen and the Art of Saving the Planet, losindikizidwa m'caka ca 2021. Laciwiri ndi la Susan Darlington, lochedwa The Ordination of a Tree, ndiye kuti kudzoza mtengo, losindikizidwa m'caka ca 2012. Inu anyamata ndi asungwana amene mwatsiriza sukulu, mwina mudzafunsa kuti za Abuda zitikhudza bwanji ife a ku Chadiza. Lolani ndiyambe ndafotokoza cimene cinandiwerengetsa mabukuwa.

Nonse mukumbukira caka ca 2024. Mvula inadula cimanga ciri kumasula ngaiyaye, ndipo pa 29 February mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cirala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Anati pa mahekitala 2.2 miliyoni amene analimidwa cimanga, pafupifupi miliyoni imodzi inapserera. Madzi anaphwa ku Kariba, magetsi nayamba kuzima usana ndi usiku, ndipo a m'matauni anatembenukira ku makala, amene ena amati malasha. Cotero cirala cinapha cimanga, kenaka cinapha ndi mitengo yomwe. Akatswiri a nyengo anati cirala cinadza ndi kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kochedwa El Niño, koma anatikumbutsanso kuti dziko lonse lapansi liri kutentherabe cifukwa ca utsi wa mafuta ndi malasha a pansi, ndi cifukwa ca kutha kwa nkhalango. Caka comweco ca 2024 cinaposa zaka zonse zam'mbuyo pa kutentha ciyambire kulemba miyeso.

Ine ndine kalaliki, ndipo nchito yanga yambiri ndiyo kulemba makalata ndi kusunga mau a misonkhano. M'cirimwe ca caka cimeneco ndinatumidwa ku mudzi wina kukalemba mau a msonkhano wosankha kabungwe kosunga mitengo ya m'phiri, pakuti mtsinje wocokera m'phirimo unali utauma. Mkulu wina anaimirira nati kuocha makala kumtunda kwa kasupe kulekeke zaka zitatu. Anali mau anzeru, ndipo ndinayamba kuwalemba. Ndisanatsirize mzere, mnyamata wina anapfuula kuti mkuluyo ndi wa cipani cakuti-cakuti, ndipo afuna kupha ndi njala onse amene sanasankhe cipani cace. Wina anayankha kuti mitengo inatha pa ulamuliro wa cipani ca mnyamatayo. Pofika masana palibenso amene anachula phiri kapena kasupe. M'buku langa munatsala maina a obwera ndi cigamulo cimodzi cokha, cakuti adzakumananso. Pobwerera ndinadzera pafupi ndi manda a mudziwo, ndipo ndinaona mitengo ikulu-ikulu ya mbanga ndi misuku iri ciriri, yopanda ndi cipsera comwe ca nkhwangwa. Cinthu ici cinandikhala mumtima.

Bvuto limeneli si la mudzi umodzi. Kuyambira m'caka ca 2017 zigawo za nkhalango ya Forest 27, kum'mawa kwa Lusaka kumene kucokera mtsinje wa Chalimbana, zinacotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zosungidwa, anthu namangamo nyumba. Nkhaniyo inasanduka ndodo yomenyanira zipani. Mitengo ya mukula, imene inali kupita ku China, inaletsedwa ndi kuloledwanso kangapo, ndipo ali yense amene ananenapo kanthu anafunsidwa coyamba kuti ali mbali iti. Ngakhale maiko ophunzira sanapulumuke. United States inalowa m'pangano la ku Paris la 2015 locepetsa utsi, inalengeza zoturuka m'caka ca 2017, inabwerera m'caka ca 2021, ndipo mu January 2025 inalengezanso zoturuka, zonsezi monga mwa cipani cimene capambana masankho. Mtengo wa mbanga ufuna zaka makumi angapo kuti ukule, pamene masankho athu amadza pa zaka zisanu ziri zonse. Funso langa potsegula mabuku aja linali ili: kodi pali njira yakuti anthu osankha zosiyana asungire pamodzi phiri limodzi?

Tiyambe tadziwa Abuda. Mwini ciphunzitsoci, Siddhartha Gautama, anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero lichedwa Nepal, zaka ngati mazana asanu asanabadwe Kristu. Otsatira ace amati anapeza kuunika ali khale pansi pa mtengo wa mtundu wa kacere, pa malo ochedwa Bodh Gaya ku India. Dzina lakuti Buda litanthauza wogalamuka. Anaphunzitsa kuti masautso a anthu amamera pa mizu itatu, ndiyo umbombo, cidani ndi kusazindikira. Anaphunzitsanso kuti palibe cinthu cimene ciri pacokha, pakuti ciri conse cimadza cifukwa ca zinzace. Lamulo loyamba la Mbuda ali yense ndilo kusapha camoyo. Amuna odzipatula, amene tiwacha amonke, amameta mpala, sakwatira, amabvala mwinjiro wacikasu kapena wofiirira, ndipo pa malamulo ao pali lina lowaletsa kuononga zomera.

Thich Nhat Hanh anali mmonke wa ku Vietnam, wobadwa m'caka ca 1926. Pa nkhondo yaikulu ya m'dziko mwace, ya pakati pa Akomyunizimu a kumpoto ndi Boma la kumwera lothandizidwa ndi America, iye anakana kulowa mbali. Anasonkhanitsa acinyamata omanganso midzi yophulitsidwa, osafunsa kuti mudziwo ukonda yani. Cifukwa ca ici mbali zonse ziwiri zinamkayikira, ena mwa acinyamata ace anaphedwa, ndipo iye ataturuka m'caka ca 1966 kukapempha mtendere anatsekeredwa kunja zaka 39. Martin Luther King anamchula m'caka ca 1967 kuti ayenera mphotho ya mtendere ya Nobel. M'caka ca 1982 anakhazika mudzi wa ophunzira ace ku France wochedwa Plum Village, ndipo anamwalira kwao pa 22 January 2022. Buku limene ndiri kuweruza linasonkhanitsidwa ndi ophunzira ace kucokera m'maphunziro ace, pakuti iye anali atafa ziwalo kuyambira 2014. Ndafotokoza moyo wace cifukwa munthu amene ophunzira ace anaphedwa ali nao ufulu wolankhula za kukhululukira mdani, ufulu umene ife ena tiribe.

Mfundo za bukuli ndi zitatu. Yoyamba ndi yakuti munthu ndi dziko si zinthu ziwiri. Tingaifanizire motere: m'mbale ya nsima muli mvula, muli mtsinje, muli masamba amene anaolera m'munda, muli ndi thukuta la wolima, cotsani cimodzi, nsima palibe. Wodula mtengo wa pa kasupe ali kudula nsima ya mwana wace. Yaciwiri ndi yakuti mdani si munthu, koma umbombo, cidani ndi kusazindikira zimene ziri mwa iye, ndipo zomwezo ziri mwa ife. Wolemba acenjezanso kuti kukakamira maganizo ako ngati kuti ndiwo coonadi conse ndiko ciyambi ca nkhanza. Yacitatu ndi ya kumvetsera. Aphunzitsa kuti mnzako akalankhula, ngakhale anene zolakwa ndi zowawa, uyambe wamvetsera kufikira atsirize, osamdula mau, kuti upeze mantha amene abisala kuseri kwa ukali wace. Kumuongola ucite tsiku lina, mtima wace utatsika.

Kodi izi zinathandizapo munthu pa nchito yeni-yeni? Umboni ulipo. Christiana Figueres, mai wa ku Costa Rica, anatsogolera bungwe la United Nations loona za nyengo kuyambira 2010 kufikira 2016. Analandira nchitoyo msonkhano wa ku Copenhagen wa 2009 utalephera, maiko olemera ndi osauka ali kulozana zala. Iye mwini wanena poyera kawiri-kawiri kuti ciphunzitso ca Thich Nhat Hanh ndico cinamlimbitsa, makamaka luso lomvetsera, kufikira maiko pafupifupi onse anabvomereza pangano la ku Paris pa 12 December 2015. Pamenepa bukuli ndiliyamika ndi mtima wonse. Nditawerenga ndinaganizanso za mnyamata uja wa pa msonkhano. Ine ndinamuona ngati wosokoneza, koma mau ace eni-eni anali akuti "njala." Cimanga cace cinapsa, makala ndiwo anali munda wace wotsala, ndipo mkulu uja sananene cimene adzadya pa zaka zitatuzo. Cipani cinali cobvala cabe cimene mantha ace anabvala. Pakadakhala munthu mmodzi womfunsa za nkhokwe yace m'malo momyankha za cipani cace, mwina msonkhano ukadabala kanthu.

Koma bukuli liri ndi zilema ziwiri, ndipo sindidzazibisa. Coyamba, linalembedwera anthu okhuta. Lilangiza owerenga kucepetsa kugula, kuleka nyama ndi mowa, kusathamangira cuma, ndi kuyenda pang'ono-pang'ono pozindikira mpweya wao. Malangizo otere ngoyenera kwa munthu wa ku Paris wokhala ndi magalimoto awiri. Nanga mai wa kwa Mlolo kapena kwa Zingalume, amene amadya nyama pa Krisimasi ndi pa maliro, acepetse ciani? Munthu wokankha njinga ya matumba anai a makala mtunda wautali sacita zimenezo cifukwa ca umbombo. Africa yense, ndi anthu ace oposa biliyoni imodzi, amaturutsa gawo locepera 4 pa 100 la utsi wa mafuta ndi malasha wa dziko lapansi. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Apa nkhuyu anadya ndi ena, koma m'mimba mopota ndi mwathu. Mau akuti tonse tiri ndi mlandu ngoona, koma milandu imasiyana kukula, ndipo bukuli silikhalitsa pa kusiyana kumeneko.

Cilema caciwiri ncoopsa koposa. Ciphunzitso cakuti usalowe mbali cingasanduke pobisalira munthu wamantha. Ife akalaliki ticidziwa bwino ciyeso cimeneci, pakuti lamulo la nchito yathu litiletsa ndale, ndipo nkosabvuta kucha mantha athu kuti ndi kusakondera. Pamene lole yodzaza matabwa iri kutsika m'phiri usiku, ndipo mwini wace ali ndi kalata ya cilolezo yopezeka mwacinyengo, kumvetsera kokha sikudzaimitsa loleyo. Pafunika munthu wochula dzina ndi wolemba nambala. Ndibvomera kuti mwini bukuli sanali wamantha, ndipo saphunzitsa kukhala cete. Koma ophunzira ace asonkhanitsa masamba ambiri onena za kukhazika mtima pansi, ndi ocepa onena za malamulo, za makhoti ndi za eni ndalama. Wowerenga waulesi angatseke bukuli mtima uli mbee, osacita kanthu.

Buku laciwiri ndilo lidzaza mpata umenewu. Susan Darlington ndi mphunzitsi wa ku America wa za miyambo ya anthu, amene anakhala zaka zambiri akuyendera amonke a kumpoto kwa Thailand. Dziko limenelo linali ndi nkhalango pa theka la nthaka yace m'caka ca 1961. Pofika ca m'ma 1988 inatsala pang'ono kuposa gawo limodzi la magawo anai. Mu November 1988 cigumula ndi kugumuka kwa mapiri ometedwa zinapha anthu oposa 300 kumwera, ndipo mu January 1989 Boma linaletsa makampani kudula mitengo m'nkhalango. M'caka comweco ca 1988 mmonke wina wa m'cigawo ca Phayao, Phrakhru Manas Natheephitak, ataona kuti madandaulo a anthu ace pa za kampani yodula mitengo samveka, anatenga mwinjiro wacikasu naukulunga pa mtengo waukulu, nacita mapemphero monga acitira podzoza mmonke. Ku Thailand kupweteka mmonke ndi chimo loopsa, ndipo odula mitengo, amene nao anali Abuda, anaopa kuika nkhwangwa pa mtengo wobvala mwinjiro.

Wolemba afotokoza bwino kuti amonkewo sanali kunena kuti mtengo wasanduka munthu. Mwinjiro unali cizindikiro cimene ali yense, wophunzira ndi wosaphunzira, wa Boma ndi wotsutsa Boma, anatha kuciwerenga. Afotokozanso za Phrakhru Pitak Nanthakhun wa m'cigawo ca Nan, amene nchito yace ndiyo yandiphunzitsa koposa. Iye sanayambe ndi mwinjiro. Anayamba ndi kuyenda m'midzi, kuphunzitsa ndi kukambirana, kufikira eni midzi anagwirizana malire a nkhalango yao, malamulo ace ndi dipo la wolakwa. M'caka ca 1991 anasonkhanitsa midzi khumi. Pa mwambo umene anthu amapereka nsaru kwa amonke, iye anapempha kuti apereke mbande za mitengo, ndipo zinaperekedwa zikwi-zikwi. Anaitana ndi akulu a Boma omwe, kuti pasakhale wonena kuti nchitoyo ndi yopandukira. Mafumu a midzi anamwa madzi odalitsidwa polumbira kusunga panganolo. Mwinjiro unadza potsiriza, monga cidindo cimene timaika pa kalata italembedwa kale.

Cimene cikometsa bukuli ndico kuti silibisa zowawa. Mmonke wina, Phra Prajak, anakulunga mitengo ya m'nkhalango ya Dong Yai m'cigawo ca Buriram, pamene asilikari anafuna kusamutsa anthu a m'midzi kuti pabzalidwe bulugamu wa malonda. Iye analibe cipani, koma anamangidwa m'caka ca 1991, milandu inamcurukira, ndipo m'caka ca 1994 anabvula mwinjiro. Wina, Phra Supoj, anaphedwa mu June 2005 m'cigawo ca Chiang Mai, pa malo a nkhalango amene anthu a ndalama anali kuwasirira. Tiphunzirapo kuti ungakane cipani, koma ukakhudza thumba la munthu wamphamvu adzakupatsa cipani iye mwini. Mbali ina, mwambowo utachuka, akulu a dziko anaukumbatira: m'caka ca 1996 panayambika nchito yodzoza mitengo 50 miliyoni polemekeza zaka 50 za ufumu wa Mfumu Bhumibol, ndipo pambuyo pace ngakhale makampani anayamba kukulunga mitengo pamaso pa ojambula. Cimene cinali kulira kwa osauka cinasanduka cikondwerero ca onse, ndipo kuthwa kwace kunacepa. Ndiponso ku Nan komweko mapiri ambiri anametedwabe, pakuti alimi okhala ndi ngongole za mbeu ndi feteleza anabzala cimanga codyetsa ziweto kufikira pamwamba pa phiri. Mwinjiro unaopsa nkhwangwa, koma sunalipire ngongole.

Cilema ca buku la Darlington ndico cinenero. Linalembedwera ophunzira a m'mayunivesite, ndipo pena ndi pena wolemba amacedwa pa mikangano ya akatswiri anzace, wowerenga wamba natopa. Buku la Thich Nhat Hanh liwerengeka ngati madzi, ndipo mwana wa Giredi 9 angalimve. Komabe mutandifunsa limene ndingapatse kabungwe ka nkhalango, ndingapereke la Darlington, pakuti lionetsa ciphunzitso citaponda pansi, citakumana ndi asilikari, ngongole ndi makampani. Loyamba liphunzitsa mtima umene munthu apite nao ku msonkhano. Laciwiri lisonyeza zimene zimacitika msonkhano utatha. Wowerenga limodzi lokha adzatsimphina.

Wina angati: kodi kalaliki uyu, amene anaphunzira pa mishoni, afuna kutitembenuza kuti tikhale Abuda m'dziko limene linachedwa la Cikristu m'caka ca 1991? Iai. Abuda kuno kwathu ngocepa, ndipo odziwika adziwika ndi nchito za cifundo: pafupi ndi Blantyre pali Amitofo Care Centre, kumene amalera ana amasiye, ndipo bungwe la Tzu Chi la ku Taiwan linamanga nyumba ndi masukulu m'cigawo ca Sofala ku Mozambique itapita mphepo ya Idai ya mu March 2019. Kukulunga mwinjiro wacikasu pa mtengo wa kwa Mwangala sikungaopse munthu. Ana angaucotse nkusokera mpira. Cizindikiro cimagwira nchito pokha-pokha pamene anthu aciopa kale. Amonke a ku Thailand sanabwereke mwambo wa eni. Anatenga cimene anthu ao anali kulemekeza kale, nacisendeza kufikira cinaphimba nkhalango. Ico ndico tingatengere.

Tsono ndibwerere ku manda aja. Ife Acewa tiri nayo kale mitengo yobvala mwinjiro. Pa manda palibe wotola nkhuni kapena wotema mtengo popanda cilolezo ca mfumu, ndipo kumeneko ndiko ku dambwe la Gule Wamkulu. Ku Nsanje, m'Malawi, nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kacisi wa Mbona, yasungika pakati pa dziko lolimidwa cifukwa ca ulemu womwewo. Palibe anafunsapo cipani ca munthu wogona m'manda, ndipo pa maliro wa cipani ici ndi wa cipani ico amalandizana khasu limodzi. Comweconso pa Kulamba ku Mkaika, mwezi wa August, Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, malire a maiko ndi a zipani atawasiya kunjira. Tidziwa ndithu kupatula malo ndi nthawi zimene ndale sizilowa. Colakwa cathu ncakuti tapatula malo ogona akufa, osapatula kasupe womwa amoyo.

Koma tisanyengedwe, pakuti manda ndi kadera kakang'ono, ndipo kusatemako sikulanda munthu cakudya. Phiri ndi lina. Pamenepa phunziro la ku Nan litithandiza: ulemu uyende pamodzi ndi pangano, ndipo pangano liyende pamodzi ndi nkhokwe. Lamulo la nkhalango la m'caka ca 2015 lilola anthu a m'midzi, mobvomerezana ndi mfumu yao, kupanga bungwe ndi kulandira mphamvu yosunga nkhalango yao ndi kupindula nayo. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003 kuno kum'mawa, limagula nsawawa, soya ndi uci kwa alimi olonjeza kusunga chire, ndipo limawaphunzitsa kubzala gilisidiya m'minda, mtengo wopatsa nkhuni ndi conde. Njira zotere ziripo. Cosowa ndico bwalo limene anthu angakhalepo nthawi yokwanira kuti agwirizane, asanayambe kuitanana maina a zipani.

Nditaweruza mabuku onse awiri, ndapeza kuti kalumo ka mlendo kameta mbali imodzi ya mutu. Nkakuthwa pa kutiphunzitsa kuti woocha makala si mdani, kuti mnzathu wa cipani cina ali ndi mantha onga athu, ndi kuti womenyera mitengo ndi cidani mumtima adzapambana mkangano koma phiri lidzatha. Nkobuntha pa njala ndi pa anthu amphamvu, ndipo pamenepo tiyenera kunola tokha. Kusadana ndi munthu ndi kusachula colakwa cace ndi zinthu ziwiri zosiyana; Phra Prajak anacita coyamba, koma caciwiri anakana, ndipo analipira mtengo wace.

Inu amene mwatsiriza sukulu, m'midzi mwanu ndinu mudzapatsidwa buku ndi colembera pa misonkhano yotere, monga ndinapatsidwa ine. Ndikupemphani zinthu zitatu. Pemphani amfumu kuti msonkhano wa nkhalango ucitikire pansi pa kacere wa pabwalo, ndi lamulo la pa maliro, lakuti malaya ndi zitenje za cipani zitsale kunyumba. Woocha makala alankhule coyamba, ndipo asadulidwe mau, kuti pangano lidzayambe ndi funso la cimene iye adzadya. Ndipo lole ikadzatsika m'phiri usiku, lembani nambala yace ndi tsiku lace, mwini wace akhale wa cipani canu kapena ca mnzanu. Tsiku lija ine ndinalemba maina okha nkutseka buku. Ndinali ndi pakamwa, koma sindinafunse mnyamata uja za nkhokwe yace, poopa kuti angandiyese wa mbali ina. Ndikadzatumidwanso ku mudzi umenewo ndidzayamba ndi funso limenelo.